Tayala lakutsogolo likukhula madigadi pa Chevy ya 1952 chiikireni subframe ya Jaguar

Chevy52 BT: Madala ndi mabwana onse pa gulu pano, ndabwera ndi vuto. Ena mukuidziwa kale pikapu yanga ija, Chevrolet 3100 ya 1952, ija tinachotsa ekiselo yowongoka ndi masipuling'i ake kutsogolo nkuikapo subframe (chimango chonyamula miyendo yakutsogolo) yonse ya Jaguar XJ6 Series 2, injini ndi Lexus V8. Kayendedwe nde simungakhulupirire, chiwongolero chofewa, mabuleki a disiki akugwira bwinobwino, koma chiitsitsireni kutsogoloku matayala akukhula madigadi. Pa hampu iliyonse kumamveka khwee mbali zonse ziwiri, ndipo ndikamakhotera kumanja ngakhale pang'onopang'ono ngati pa raundabauti ya pa Clock Tower paja la kumanzere limachita kulira, penti yayamba kale kusupuka m'mphepete. Marimu ndi 15x8 (a mainchi 15, m'lifupi 8) offset 0 (pomangira pa habu pali pakati penipeni pa rimu), matayala 235/75R15 konsekonse. Mnyamata wowotcherera akuti tingodula madigadi ndi girayinda tikweze mlomo wake koma mtima wanga ukukana. Nditani?

Mfana wa Golf: Dulani basi biggie kkkk ife pa ma Citi Golf timangopinda mlomo ndi paipi nkumapita

Ankolo Sipanala: Iwe usanamize akuluakulu. Madigadi a Golf ali mbwee pa Limbe, a Chevy ya 1952 ukawadula ukawagula kuti? Achimwene a Chevy, girayindayo ibwerere kaye m'bokosi. Ndiuzeni izi: anaitsitsa bwanji, anadula sipuling'i, anaiwotcha ndi gasi, kapena anaika ma spacer pa mbale ya sipuling'i? Nanga mphira za bump stop, zija zoletsa tayala kukwera mopitirira, zilipo?

Chevy52 BT: Ankolo sipuling'i sanaikhudze, anaika ma spacer a 12mm pakati pa mbale ija ndi wishbone yapansi (mkono wogwira tayala) chifukwa itangoikidwa injini kutsogolo kunali m'mwamba kwambiri ngati ikufuna kuuluka. Za bump stop ndikasuzumira mawa kukacha

Ankolo Sipanala: Kukhala m'mwamba nkosadabwitsa. Masipuling'i amenewo anapangidwira injini ya XK ya 4.2, buloko yachitsulo cholemera zedi, pomwe 1UZ ya Lexus ndi aluminiyamu yokhayokha buloko ndi mitu yomwe. Bola sanawotche ndi gasi, akanatero ndikanakuuzani kuti mukataye ku dzala. Koma dziwani kuti pa Jaguar zimene mwaika pa mbale zimachulukitsidwa zikafika pa tayala, pafupifupi kawiri ndi theka, chifukwa sipuling'i ili mkati chapakati pa wishbone osati kumapeto. Nde 12mm yanuyo yatsitsa galimoto cha m'ma 30mm.

Panelo Joni: Moni nonse. Kuno ku Joni ntchito imeneyi ya Jag front pa ma Chevy ndi ma F100 akale ndi ya tsiku ndi tsiku, paja ma XJ6 ankalumikizidwa konkuno ku Blackheath kufupi ndi Cape Town nde m'ma scrapyard anadzadza, komanso rack yake ndi ya chiwongolero chakumanja kale sipafunika kusintha kanthu. Ine ndisanaone nkomwe galimotoyo ndikuloza marimu. Anthu amawerenga kuti track ya XJ6, mtunda wa pakati pa matayala awiri akutsogolo, ndi mainchi 58 nkumati aaa ikwana bwinobwino pansi pa Chevy, osadziwa kuti nambala imeneyo anayeza atavala marimu a Jaguar eniake, a mainchi 6 m'lifupi okhala ndi offset ya plus cha m'ma 30. Inu mwaika ya mainchi 8 pa offset 0. Werengani nokha: theka la mainchi 8 ndi 102mm, yonseyo ili kunja kwa habu. Ya Jaguar theka lake ndi 76mm kuchotsapo 30 kutsala 46mm. Ndekuti m'mphepete mwa rimu yanu mwatuluka kupitirira 5cm mbali iliyonse, pamwamba pake nkuvekapo tayala la 235. Lilowa bwanji pansi pa mlomo?

Mfana wa Golf: Koma deep dish imaoneka bho pa pikapu zimenezi inu, musawachotsetse

Panelo Joni: Kumbuyo isiyeni, palibe akuikana. Tayala lakumbuyo silikhota.

Sisi wa Alaimenti: Ndilowererepo pang'ono. A Panelo anena za m'lifupi, ine ndinene za kutalika. 235/75R15 mukaiwerengera, khoma lake ndi 176mm, kawiri ndi 352, kuphatikiza rimu 381, ikukwana 733mm kuchokera pansi kufika pamwamba. Tayala limene XJ6 inkatuluka nalo ndi 205/70R15, limenelo ndi 668mm. Kusiyana 65mm, ndekuti pamwamba pa tayala pokha mwadya malo okwana 33mm musanayambe nkomwe kutsitsa. Mwamuveka mwana nsapato za bambo ake nkumadabwa kuti akupunthwa.

Chevy52 BT: Kkkk sisi mwandilasa. Koma matayalawo ndi atsopano anayi onse, dola yake mukuidziwa mmene zinthu zililimu

Sisi wa Alaimenti: Awiri akhala kumbuyo, awiri enawo sungani mudzasinthire kumbuyo komweko akadzatha, simunataye kanthu. Galimoto yanu ilibe ABS ndipo imakoka ndi kumbuyo kokha nde kutsogolo kukhala tating'ono kumbuyo akuluakulu sivuto, ma hot rod ambiri amayenda choncho dala

Dolo wa Marimu LL: Ine ndili ndi marimu a BMW 5x120 a 16 ali phwii kuno ku Biwi, offset yake ndi plus, alowa mkati bwinobwino. Inbox bwana

Ankolo Sipanala: Ayi ayi ayi. Jaguar yakale ndi 5x120.65, kutanthauza ma stud asanu pa bwalo la 120.65mm, yomwe ndi 5x4.75 m'mainchi, yofanana ndi Chevrolet. BMW ndi 5x120. Anthu amati 0.65 ndi chiyani, nkukakamiza, koma nati iliyonse imakhala mopendekera pa mpando wake ndipo ikamamangidwa imakokera stud mkati, kenako tsiku lina stud kuthyoka uli pa liwiro ku Zalewa. Komanso bowo lapakati la BMW zambiri ndi 72.6mm pomwe habu ya Jaguar ndi 73.8mm, silowa nkomwe pokhapokha mukaibowole pa lefu

Dolo wa Marimu LL: Za E39 ndi 74.1 ankolo, zimalowa popanda kubowola, ndagulitsapo kwa anthu a ma Jag palibe anabwera kudzadandaula

Ankolo Sipanala: Kulowa zimalowa, ma stud akadali okhota chimodzimodzi. Amene sanabwere kudzadandaulawo mwina tayala linawasiya kutali sakanatha kufika kkkk

Dolo wa Marimu LL: Mxii ankolo mukundiphera bizinesi

Admin: Zogulitsa tizipanga Lachisanu monga mwa lamulo la gulu. Tiyeni tithandize munthu.

Wa ku Leeds: Ndawerenga zonse, ndikugwirizana ndi za marimu ndi matayala koma pali chimodzi chikundivutitsa. Akuti pokhota likulira ndi la kumanzere lokha. Marimu ndi ofanana mbali zonse, matayala ofanana, bwanji mbali imodzi? Ine ndikuganiza subframe inaikidwa mopendeka, mbali ya kumanzere inabwerera m'mbuyo. Zimachitika kwambiri anthu akayeza kuchokera ku bampala kapena ku madigadi m'malo moyeza pa chasisi penipeni

Chevy52 BT: Apa nde mwandiopsa, ndekuti tigwetsenso injini?

Wa ku Leeds: Osathamanga, tengani tepi kaye. Wheelbase ya 3100, mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo, ndi mainchi 116, pa tepi yathu ndi 2946mm. Imikani pa simenti yosalala matayala atawongoka, mangirirani nati ku chingwe muilendeweretse kuchokera pakati pa habu iliyonse, chongani pansi ndi choko, mukatero yezani kumanzere, kumanja, kenako mopingasa, kutsogolo kumanzere kupita kumbuyo kumanja ndi inzakeyo. Zopingasazo zikafanana subframe ili bwino. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera pa ball joint yapansi kupita pa bulaketi ya sipuling'i yakumbuyo ija inakhomedwa ndi ma rivet ku fakitale, chifukwa difu nayo itha kukhala yopendeka nkukunamizani

Mfana wa Golf: Bwanji osangokankhira tayala kutsogolo ndi caster? Pa alaimenti amapanga zimenezo

Sisi wa Alaimenti: Sizingatheke mchimwene. Pa Jaguar caster, kupendekera kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo, timasintha ndi mashimu ali uku ndi uku kwa ball joint yapamwamba, kuchotsa kutsogolo kuika kumbuyo kapena kutembenuza. Shimu imodzi ndi 1.6mm ndipo imasintha kota ya digiri basi, pakati pa tayala pamasuntha osakwana ndi milimita imodzi. Ngakhale muwasamutse onse simupeza malo oti nkuwaona ndi maso, chimene mupeze ndi galimoto yokokera mbali imodzi. Caster ndi ya kayendedwe, isiyeni cha m'madigiri 2 mpaka 3 ndi theka mofanana mbali zonse. Camber nayo ili ndi mashimu ake kuseri kwa shafiti ya wishbone yapamwamba, mutha kupendeketsa mutu wa tayala mkati pang'ono, theka la digiri limakupatsani mamilimita atatu okha pamwamba, koma kupitirira apo mukudya matayala mkati chabe

Ankolo Sipanala: Tsono mverani njira imene ine ndimachitira, ndi yotopetsa koma simudula chinthu mwachimbulimbuli. Ikani chasisi pa ma stand pa msinkhu umene imayendera. Chotsani shoko ndi sipuling'i mbali imodzi, bwezerani tayala, ikani jeke pansi pa wishbone yapansi. Popanda sipuling'i tayala mutha kulikweza ndi jeke mpaka pomwe limathera. Matani dongo lonyowa kapena pulasitisini mkati mwa mlomo wa madigadi kuzungulira konse, tayalalo lipakeni choko m'mapewa. Kwezani pang'ono, pindani chiwongolero mpaka kumapeto kumanja, bwererani mpaka kumapeto kumanzere, kwezaninso, choncho choncho mpaka bump stop igunde. Ndipo musamangoyang'ana pomwe chiwongolero chathera ayi, nthawi zambiri phewa la tayala limafika kutali kwambiri chili pakatikati, makamaka ndi rimu yotuluka ngati yanuyo chifukwa tayala silizungulira pamalo amodzi, limasesa bwalo lalikulu. Dongo likuuzani pomwe pakukhula ndi kuchuluka kwa malo otsala. Ine ndimafuna chala changa chizilowa momasuka paliponse bump stop itagunda, chifukwa pamsewu mphira imafinyika, tayala limafutukuka, mabushi amasuntha.

Ankolo Sipanala: Chinanso, ndipo apa ndikunena mokuwa. Sipuling'i ya kutsogolo ya Jaguar SIYOCHOTSA ndi tizokowera tija ta ma Corolla. Imafuna chitsulo chachitali cha mazinga chodutsa pakati pa sipuling'i kuchokera pansi pa mbale kukakola pamwamba, nkumamasula pang'onopang'ono. Mukangomasula mabauti a mbale ija popanda chimenecho imatuluka ndi mphamvu yoti nkuthyola mwendo kapena kuposa apo. Mnyamata wanuyo ngati alibe abwereke, asayerekeze

Chevy52 BT: Ndamva ankolo, chitsulocho chilipo ndi chomwe anaikira ma spacer aja

Panelo Joni: Poti mwatsegula kale muonenso wishbone yapansi mmene ikukhalira galimoto ili pansi ndi kulemera kwake konse. Iyenera kukhala yogona mofanana ndi nthaka kapena kutsikira pang'ono ku tayala. Mukaona ball joint ili m'mwamba kuposa mabushi amkati ndekuti mwatsitsa mopitirira, ma tie rod nawo amakhala atapendeka nde pa bampu iliyonse galimoto imadziwongolera yokha. Kutsitsa kwabwino pa ntchito imeneyi kumachitika poika subframe, kuilowetsa m'mwamba mu chasisi, osati kufinya sipuling'i pambuyo pake. Komanso shoko ya XJ6 pamwamba imamangidwa ku bodi ya Jaguar osati ku subframe, nde pa Chevy anachita kuwotcherera bulaketi yake, onetsetsani kuti shoko sikuthera bump stop isanagunde apo ayi bulaketiyo idzazuka

Mdala wa Peugeot: Ine funso langa ndi lakuti munaitsitsiranji? Misewu yake iti? Ife 404 timachita kuikweza kuti tikafike kumudzi inu mukutsitsa kkkk. Galimoto imeneyo anaipanga kuti izinyamula matumba

Chevy52 BT: Madala iyi ndi ya Lamulungu ndi maukwati, kumudzi timapita pa minibasi kkkk

Mdala wa Peugeot: Mkwatibwi adzatsika pa hampu iliyonse kuti mudutse

Mfana wa Golf: Nanga zoika ma limiter pa rack? Ine ndinaona pa YouTube amaika timaringi kuti chiwongolero chisamafike kumapeto

Panelo Joni: Zimathandiza ngati tayala likukhula mkati, ku chasisi kapena ku anti-roll bar, pomwe chiwongolero chathera. Apa likukhula kunja pamwamba nde limiter sichita kanthu pa hampu, ingokupatsani pikapu yosatheka kutembenuka mu Limbe. Ikhale yomalizira ngati rimu yatsopano yayandikira mkati

Chevy52 BT: Ndabweranso madala, dzulo tinagwira ntchito mpaka mdima. Zotsatira zake nazi. Wheelbase kumanja 2945 kumanzere 2942, zopingasa zasiyana ndi 4mm, kuchokera pa ball joint kupita pa bulaketi ya ma rivet nakonso chimodzimodzi. Nde subframe ili bwino a ku Leeds, mnyamata uja anayeza ndithu. Koma titaika tepi kuchokera pansi kufika pa mlomo wa madigadi, kumanzere kwatsika ndi 16mm kuyerekeza ndi kumanja. Titasuzumira tapeza kuti chitsulo chogwiriziza madigadi mkati chinaduka ndi dzimbiri chikungolendewera, ndipo mphira ya pansi pa kabu kutsogolo kumanzere inaphwanyika yatsala ngati chikopa. Bump stop nazo ankolo munalosera, zonse ziwiri zinadulidwa theka ndi mpeni, zikuoneka kuti ndi kalekale galimoto ikadali Jaguar. Pa dongo paja tayala likugunda mlomo bump stop isanafike nkomwe, malo ogunda ndi pamwamba chakumbuyo pang'ono, phewa lakunja

Wa ku Leeds: 3mm pa galimoto ya zaka zoposa 70 ndi ntchito yabwino, mumugulire Fanta mnyamatayo. Nde chinapendeka ndi bodi osati miyendo

Ankolo Sipanala: Mwaona? Mukanadula madigadi kutsatira kabu yopendeka, tsiku lomwe mukanadzasintha mphira imeneyo mbali imodzi ikanakhala yokwera kuposa inzake mpaka kale. Mphira za kabu musinthe zonse nthawi imodzi osati imodzi yokha, muonenso za pansi pa chimango cha radiyeta chifukwa madigadi onse awiri kutsogolo amatsamira pamenepo. Mukamamanga siyani mabauti a madigadi osalimbitsa, tsekani boneti, muone mipata ikufanana, kenako nkumalimbitsa

Panelo Joni: Pa marimu funani 15x7 ya Chevy pattern yokhala ndi backspace (kuchokera pomangira pa habu kufika m'mphepete mwamkati mwa rimu) ya mainchi 4.5, imeneyo ndi offset ya plus 12 kapena 13. Ubwino wake mkati ikhala pomwe pali 15x8 yanu panopa chifukwa nayonso backspace yake ndi 4.5, nde ku caliper ndi ku ball joint mukudziwa kale kuti kulibe vuto, koma kunja ibwerera mkati ndi inchi yathunthu, 25mm. Musatsike ku 14, ma caliper a Series 2 ndi a mapisitoni anayi, akuluakulu, amafuna 15. Ngakhale 15 yomweyo muyese kaye imodzi pa habu muizungulitse ndi dzanja musanalipire, marimu ena achitsulo amakhudza caliper kumsana

Sisi wa Alaimenti: Pa 7 imeneyo 205/70R15 ikhala bwino, kapena 215/65R15 yomwe ndi 660mm ngati mukufuna yonenepako. Koma kumbukirani chinthu ichi, tayala likachepa galimoto yonse kutsogolo itsikanso ndi 33mm ija, madigadi apuma koma subframe ndi sampu ziyandikira nthaka. Yezani pansi pa subframe panopa mutiuze

Chevy52 BT: Pali 135mm pansi pa subframe, sampu ili m'mwamba pang'ono kuposa apo

Sisi wa Alaimenti: Nde ndi tayala latsopano mutsala ndi 102mm, pa mahampu athuwa imeneyo ndi ngozi. Chepetsani ma spacer a pa mbale aja

Ankolo Sipanala: Achotseni onse, mubweza 30mm, mukhala pomwe munali

Chevy52 BT: Aaa ankolo ndikachotsa onse pakati pa tayala ndi madigadi patseguka 33 kuphatikiza 30, kupitirira 6cm, nde kutsitsa kuja kwapita kuti? Izioneka ngati ya a Mdala wa Peugeot

Mdala wa Peugeot: Izioneka ngati galimoto

Panelo Joni: Gawani pakati, ikani a 6mm. Mukweza 15mm, pansi pakhala cha m'ma 117, pamwamba pa tayala mwapeza 48mm, kunja 13mm ya offset kuphatikiza 15mm ya kuchepa kwa tayala. Ndi bump stop zatsopano zathunthu sindikuona pomwe lingakhudze. Mabauti a mbale akhale a giredi yolimba, paja ndi amene anyamula kutsogolo konse

Ankolo Sipanala: 117 kwa ine ndi yochepabe koma galimoto ndi yanu. Muikeko chitsulo chotchinga sampu. Ndipo mukamanga zonse mubwereze za dongo zija musanabwezere sipuling'i, mbali zonse ziwiri, osati kungokhulupirira masamu a pa foni

Wa ku Leeds: Funso lomaliza, tayala likuoneka pakati pa bowo la madigadi mukaima patali? Pikapu zakalezi zikatsitsidwa tayala limaoneka ngati labwerera m'mbuyo chifukwa bowolo silozungulira ndendende, nchifukwa chake ambiri amasunthira subframe kutsogolo pang'ono poika. Poti mwati likugunda chakumbuyo ndikukayikira pamenepo

Chevy52 BT: Lili m'mbuyo pang'ono inde, mwina chala chimodzi ndi theka, koma muyenera kuchita kuuzidwa kuti muone

Panelo Joni: Munaiwotcherera ku chasisi kapena ili pa mphira zake za Jaguar?

Chevy52 BT: Ili pa mphira, mabushi awiri kutsogolo ndi ma V mount kumbuyo

Panelo Joni: Nde kusuntha nkotheka, ndi mabulaketi anayi, koma mudziwe kuti shafiti ya chiwongolero, mapaipi a pawa siteringi, mabulaketi a shoko, mwinanso ma mounting a injini ngati anakhazikika pa subframe, zonsezo zitsatira. Ine chifukwa cha chala chimodzi ndi theka sindingayambe. Tayala laling'ono likalowa diso silidzaonanso

Wa ku Leeds: Ine ndikanasuntha, zinthu zoterezi ukangodziwa umaziona tsiku lililonse

Ankolo Sipanala: Inu muli ndi garaja yofunda ndi lifiti kumeneko, mnzanuyu akugona pa katoni ku Ndirande magetsi akuzimazima kkkk. Ayambe wayendera kaye

Chevy52 BT: Chabwino madala, dongosolo ndi ili: mphira za kabu ndi chogwiriziza madigadi sabata ino, bump stop ndi marimu awiri a Panelo mundifunire kumeneko mutumize pa basi, spacer 6mm, kenako dongo, kenako ndibwera kwa sisi ku alaimenti. Mlomo wosupukawo ndingoupaka pulaimala kaye usachite dzimbiri mvula isanayambe

Sisi wa Alaimenti: Mubwere thanki ili theka ndipo muyendeko kaye pang'ono kuti masipuling'i akhazikike. Mabauti a mabushi a wishbone mulimbitse galimoto ili pansi pa matayala ake osati ili pa jeke, apo ayi mphira zimapotoka nkung'ambika msanga ndipo msinkhu umanama

Dolo wa Marimu LL: Nanga ma 15x8 awiri otsalawo mukugulitsa? Pali mdala wina kuno ali ndi El Camino ya ku Joni ija, Holden HQ yovala baji ya Chevrolet, ma stud ake ndi omwewo

Admin: Lachisanu a Dolo.

Dolo wa Marimu LL: Ndangofunsa bwana kkkk, a Chevy inbox